Yunike ndi Makorali Akufa

Yunike Fackson anabadwira kwa Dambe, kumapiri a Neno kumene anthu amalima mbatatesi ndi tirigu. Madzi ambiri amene anawaonapo ali mwana anali a mtsinje wa Lisungwi ukadzaza. Bambo ake, a Gerishon, anali munthu wa mawu ochepa. Atamva kuti mwana wawo wasankhidwa kupita kuyunivesite kukaphunzira za nsomba ndi zamoyo za m'madzi, anangoti, "Nsomba anthu a ku Matope amazidziwa osapita kusukulu," n'kunyamula khasu. Mayi ake, a Eliness, ndi amene analulutira.

M'chaka chake chachitatu, ophunzira asanu ndi mmodzi anasankhidwa kukachita kafukufuku wa milungu inayi kunyanja yamchere ku Mozambique. Mtsikana anali Yunike yekha. Wowatsogolera anali mphunzitsi wawo, a Binwell Laimoni, ndipo malo ogona ndi boti inapereka ndi hotela ina ya pagombepo. Eni hotelayo ankafuna lipoti loti aziwonetsa alendo.

Ankakawerenga makorali, tizilombo ting'onoting'ono tomanga matanthwe pansi pa nyanja. Madzi akatentha kapena akada, makorali amayera ngati ufa kenako n'kufa. Wophunzira ankatambasula tepi ya mamita makumi asanu pathanthwe, n'kumasambira pamwamba pake atavala galasi kumaso ndi kapaipi kopumira mkamwa, uku akulemba ndi pensulo pakabolodi zimene akuona pa theka la mita lililonse: lamoyo, loyera kapena lakufa.

Tsiku loyamba funde linadzaza kapaipi ka Yunike, anamwa madzi amchere, ndipo anamukokera m'boti akusanza. Mnzake wa m'kalasi, Jeffrey, anajambula zonsezo pafoni n'kutumiza kugulu la kalasi yawo atalemba kuti, "Mbuzi ya ku Neno yaona nyanja." A Laimoni ataonetsedwa anaseka mpaka kupukuta misozi. Sabata yonseyo anamusiya m'boti kuti azikopera manambala a anyamata m'kope.

Yunike sanadandaule. M'mawa uliwonse, anzake akumwa tiyi, ankalowa m'madzi ofika m'chiuno n'kumadziphunzitsa kupuma. Sabata yachiwiri anamulola kulowa. Zimene anaona tsiku limenelo amazinenabe akakhala ndi munthu womumvetsera: makorali ooneka ngati nyanga za gwape, ena ngati kabichi wamkulu, ndi tinsomba tachikasu timene tinkamuyang'ana osathawa. Anaiwala kulemba mpaka atafika theka la tepi.

Kenako anamupatsa thanthwe la kuseri kwa hotela, pafupi ndi paipi yotayira madzi akuda. Pa malo zana amene anayang'ana, makumi asanu ndi limodzi mphambu asanu ndi atatu anali oyera kapena akufa. Madzulo a Laimoni anatembenuza kabolodiko kawiri.

"Kodi kwanu kwa Dambe kuli makorali?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Nanga lakufa walidziwira kuti? Mawa ubwereze. Usayandame pamwamba, utsike ukaone pafupi."

"Ndili ndi chimfine. Munatiuza nokha kuti munthu asatsike pansi mphuno zitatseka."

"Ndiye tilembe kuti wakana ntchito, eti?"

M'mawa mwake anatsika. Kuzama kwake kunali ngati anthu awiri aatali atasanjikizana. Ulendo wachitatu khutu lamanzere linalira ngati chimanga chokazinga chikaphulika, madzi ozizira analowa m'mutu, ndipo sanadziwenso kumwamba n'kuti. Woyendetsa boti ndi amene analumphira kukamutenga. Magazi ankatsikira m'khosi, koma kabolodi anali atakagwirabe. Manambala anali omwe aja.

A Laimoni anati chipatala chili kutali ndipo ntchito singaime chifukwa cha khutu limodzi. Anamupatsa thonje ndi panado. Kuthanthwe kuja anatumizako Jeffrey, amene anabwerako pasanathe ola atapeza akufa makumi awiri okha. Pamene anabwerera ku Malawi, khutu la Yunike linali likutuluka mafinya. Dokotala analiyang'ana ndi tochi n'kumufunsa chifukwa chimene anachedwera. Khutu limenelo silinamvenso.

Zotsatira zitatuluka, Yunike anali atalephera phunzirolo. Pansi pa pepala lake panalembedwa kuti manambala ake ndi osadalirika. Anakadandaula kuofesi, ndipo anamuuza kuti abwere ndi mboni. Anyamata asanu aja anati sanaone kanthu. Mmodzi anamutsatira pakhonde n'kumunong'oneza kuti amumvetse, iyenso akufuna kumaliza sukulu. Ananong'onezera kumanzere, moti Yunike anachita kumupempha kuti abwereze.

Anauzidwa kuti abwereze chaka, m'kalasi ya mphunzitsi yemweyo. Anapitako milungu itatu, atakhala kutsogolo chopendeketsa mutu, anthu akulira ngati mbuzi kumbuyo kwake. Kenako analongedza katundu.

Lero amalima ndi makolo ake, ndipo nyengo ya manachesi amatsika kukawagulitsa kumsika wa ku Lisungwi. Anyamata a pamsika amamutcha "Dokotala wa nsomba". Ogula ena amati ndi wonyada chifukwa sayankha moni.

Chaka chatha m'busa wa mpingo wawo anabwera ndi kabuku kokongola kamene anakapeza kumsonkhano ku Blantyre. Linali lipoti lija. Linkanena kuti matanthwe a pahotelayo ali bwino. Dzina la Yunike munalibe, koma pachikuto panali chithunzi chake, galasi lili pamphumi, akumwetulira m'boti, ndipo pansi pake analemba m'Chingerezi kuti ntchitoyi ikutukula atsikana a kumidzi.

A Eliness sadziwa kuwerenga Chingerezi. Anazungulira nako mudzi wonse, kenako anang'amba chikutocho mosamala kuti akachikhome pabalaza.

"Tandigwirira apa, mwanawe, chisapendeke," anatero.

Yunike anagwira ngodya ziwiri zam'mwamba, mayi ake n'kukhoma msomali ndi mwala.