Kambalame ka m'kaseti ya amalume

Ndikukumbukira kaseti yoyera imene inkakhala m'kabati ya mbale kwathu ku Kabwata, yokulungidwa m'kampango. Inali ya amalume, a Tembo, amene paunyamata wawo anakaphunzitsa pa kachilumba kena pakati pa nyanja yamchere. Anzawo ankabwerako ndi mawotchi, iwo anabwerako ndi kulira kwa mbalame.

Lamulungu lililonse tikachokera ku Misa ankatikhazika pansi kuti timvere. Munkamveka mphepo, masamba, kenaka kamluzu kowonda. Ankati kambalameko sikapezeka kwina kulikonse padziko, ndipo makoswe otsika m'zombo anakadyera mazira mpaka kanatsala m'nkhalango imodzi yokha. Amalume anakadikira masabata atatu kuti akajambule. Ife tinkangotsinana, njala itatipotokola m'mimba.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ine ndi atsikana anzanga tinalowa mpikisano wovina kusukulu, ndipo nyimbo yathu inkangomveka pa wailesi. Kaseti yopanda kanthu ndinalibe. Amalume anali atathyola timano ta kaseti yawo kuti isajambulikenso, koma mwana aliyense wa m'Kabwata ankadziwa mankhwala ake: kutseka timabowoto ndi pepala lotafuna. Ndinatero masana ena, n'kudzaza mbali zonse ziwiri ndi nyimbo za pa wailesi. Titamaliza kuyeserera ndinakolokosola mapepala aja, kaseti n'kuibwezera m'kampango.

Lamulungu lotsatira, m'malo mwa mphepo munatuluka magitala. Amalume sanazimitse. Anamvetsera mbali yonse, anatembenuza, namvetseranso, kuti mwina katsalako pang'ono kumapeto. Amayi anandiyang'ana, ine ndinayang'ana zala zanga.

"Nine nalakwisa," anatero amalume. "Kapena ninadinikiza pamene sipafunika. Maso yasila aya, siyaona bwino."

Ankadziwa bwinobwino kuti kaseti yothyoka timano sijambulika mwangozi. Ankandibisa, ndipo ine ndinalola. Anamwalira ndisanapepese, ndipo manyazi ake ndikadali nawo.

Ana anga kuno ku Woodlands kaseti saidziwa, chimene afufuta amachibweza ndi chala chimodzi. Chaka chatha mwana wanga wamkazi anandipezera kambalameko pa foni. Panali chithunzi chimodzi chosaoneka bwino, ndi mawu akuti kali pafupi kutheratu. Pamalo pa kulira kwake panalibe kanthu, palibe amene anaikapo.

"Mami, nanga kamalila bwanji?" anafunsa.

Ndinamuuza kuti akhale pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinafotokozera munthu chimene ndinachita.