Chisoti cha Mphila cha a Likando

"Galasi pansi, chisoti pamwamba!" Amatelo azimai a ku Luembe akaona a Likando akudutsa pa njinga, mau atawakulitsa, chifuwa atachitulutsa. A Likando amangoseka, pajatu mauwo ni ao. Eni akewo amabweleza mauwo kuchigayo, kuchalichi, ngakhale kwa mbuzi.

Bambowa ni Mlozi, anakulila mu bwato kwao ku Mongu. Zaka khumi na zinai anagwila nchito yomila m'madzi ku Kariba, kukonza zitsulo pansi pamene dzuwa silifika. Kumeneko madzi amaluma kuzizila, ndiye umavala chisoti cha mphila chophimba mutu na khosi, kenaka galasi la kumaso. Milomo ya galasi ifunika igwile khungu, chisoti chibwele pamwamba pake. Mphila ikatsalila mkati, madzi amalowa mpaka m'mphuno. Wekha suona, mnzako ndiye amakuyendetsa chala kuzungulila nkhope. Mnzao anali Wiseman, anamwalila kale.

Dokotala atamva chifuwa chao chikulila monga nkhunda, nchito inathela pomwepo. Anatsata akazi ao, amai Consolata, kubwela kuno kumunda. Mpaka lelo amameta ndevu zapamlomo m'mawa uliwonse, ati zimalowetsa madzi mu galasi. Madzi ake ati? A mu beseni?

Juni wapitayu paipi yotulutsa madzi pa damu la m'mudzi muno inatsekeka, lepu na matimati m'madimba zinayamba kugona. Amuna anatokosa na nsungwi masiku atatu, palibe. A Likando anatsegula sutikesi, natulutsa chisoti chikununkha tayala.

"Atate a Cynthia, chifuwa icho," anatelo amai Consolata. "Mukalowa mmenemo, ine nilonga katundu."

"Kamodzi chabe, amake Cynthia."

"Kamodzi ndiye kamapha."

A Likando anapitabe. Analamula kuti paipi itsekedwe kunja, ingawakoke. Anavala chisoti, anavala galasi, kenaka anaima m'mphepete mwa damu atakweza chibwano, maso otseka, kudikila chala. Anthu anaphulika kuseka. Palibe anadziwa chimene nkhalamba idikila, ndipo iwo osasuntha. Popanda chala, sakanalowa.

Amai Consolata anaima patali nthawi ndithu. Kenaka anatula ndowa, anapukuta manja pa chitenje, nabwela.

"Imani bwino. Zaka zonsezi kumva nyimbo imodzi, mwati sininaigwile?"

Chala chinayenda pamphumi, pamasaya, chinatulutsa mphila pomwe inapindika. Anawamenya kambama kopepuka pa chisoti.

Botolo la mpweya a Likando analibe, mpweya unali wa m'chifuwa chomwecho. Anamila. Tinthovu, kenaka zii. Potulukila ananyamula thumba la feteleza lodzala matope, azimai nthungululu. Paipi itatsegulidwa, madzi anathamanga kupita kumadimba.

Koma a Likando sanatuluke. Anakoka mpweya, anamilanso. Nthungululu zinaleka. Amai Consolata analowa mpaka m'maondo, nsapato zili kumapazi. Pamene mutu wakuda uja unaoneka, manja analibe kanthu, milomo yatuwa, chifuwa chikukhosomola monga galimoto yakale. Amai anawafunditsa chitenje, kuwakokela padzuwa.

"Nanga kachiwili munatsata chani? Muli na mkazi wina pansi apo?"

A Likando anavula galasi, mano akugundana.

"Kulibe munthu, amake Cynthia. Kuli zii chabe. Ninafuna nimveko pang'ono nisanabwelele ku phokoso lanu."