Moto wadya maluwa a atate

Mwaswera bwanji nonse.

Lero masana osaka mbewa atentha tchire kuno ku Chinyunyu, ndipo moto wadya maluwa onse a atate. Ndikunena maluwa akutchire aatali aja, ofiira, amene anabzala kuseri kwa nyumba m'ma 90 atangofika kuchokera ku Petauke, kuti njuchi za m'ming'oma yawo zizipeza chakudya. Tinathamanga ndi nthambi ndi ndowa ziwiri, koma tapulumutsa nkhokwe ndi ming'oma basi.

Moto utazima, njuchi zinabwerabe, n'kumazungulira pamwamba pa phulusa. Atate anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako analowa m'nyumba n'kusungunula m'mbale shuga wawo yense wa tiyi kuti apatse njuchizo. Ndinati, "Atate, nanga mawa mumwa chiyani?" Iwo anati, "Ine ndili ndi pakamwa podandaulira. Izi zikasowa chakudya zingosamuka osatsanzika."

Ine amene ndinalekera Giredi 9 ndiye ndatsala nawo pano, choncho inu ophunzira musanditumizire tizithunzi tolira. Ba Esnati, njere za maluwawa zija munatenga chaka chatha mukali nazo, kapena munataya poyesa zinyalala? Mvula ili pafupi. Yankhani msanga, atate akhala pambali panga, akuyang'ana foni.