Kompyuta ya Aneba Yofungatira Mazira

Aneba anga kuno ku Area 47 anapuma ntchito m'boma, imvi mbuu ngati ine, koma ukalamba wawo akuuthera pa mpikisano wa magalimoto a pakompyuta. Kompyutayo analumikiza okha. Akapita ku Area 2 kukasankha zipangizo, chilichonse amachigogoda ngati dzungu n'kunena kuti, "Cholemera ndiye champhamvu." Ndiye chimakinacho chimatentha, mpaka mphaka wawo anasiya kuothera dzuwa.

Chikatenthetsa chimazima, galimoto yawo ili pafupi kupambana. Anapukuta fumbi, anachikupiza ndi lichero, koma ayi ndithu.

Tsiku lina anabwera ndi fani yatsopano, akuimba mluzu. Anapeza akazi awo atayala kansalu pamwamba pa kompyuta, mazira ali ndandanda. Thadzi lawo linali litagwidwa ndi galu.

"Amake Rejoice, chotsani izi ndiike fani."

"Muike fani kuti anapiye anga afe ndi kuzizira? Khalani pansi bambo, muyendetse galimoto yanuyo."

Mayi omwe ankati masewerawo ndi achibwana ndi amene anayamba kuwakakamiza. Aneba akati atambasule msana, mawu amachokera kukhitchini: "Mwaimiranji? Pondani moto!"

Anapiye anaswa ndithu, ndinawaona ndi maso angawa. Aneba anawonda, ndipo galimoto sakufunanso kuimva, ngakhale minibasi. Akuti mawa aika fani ija. Ine sindinawauze kuti dzulo ndinakumana ndi mayiwo pageti, atanyamula mazira a bakha.