Mkono wa Mayi Keti ndi Mbuzi za a Adamu

Ku Chia akati a Pompano, aliyense amadziwa kuti akunena mayi Keti, amake Talandira, aja a mkono umodzi. Dzinali silinabwere ndi ng'ona imene inawadya mkono ayi. Analitenga mikono yonse ikadalipo.

Anabadwira ku Kanyenda, kwa alimi a chinangwa. Sukulu anaisiyira panjira chifukwa bambo awo ankati mwana wamkazi akadziwa kulemba dzina lake ndiye kuti zakwana. Nzeru zoterezi zapha tsogolo la ana ambiri kuno, ndipo eni ake anapita kumanda osapepesa. Ku Chia anabwera ndi ukwati. Mwamuna wawo, msodzi wofatsa, anamwalira Talandira akadali kumsana, ndipo abale ake anabwera kudzalira maliro maso ali pa bwato ndi maukonde. Anasesa zonse. Mayi Keti anatsala ndi mwana, khasu, ndi munda wamchenga umene palibe anaufuna.

M'masiku amenewo ndi mmene anthu anayamba kuwamva akulankhula okha. Kumunda, pamtondo, kumadzi poviika chinangwa, pakamwa pawo sipankatseka. Sikunali kupemphera kogwada ndi kutsinzina. Kunali kucheza, monga amachitira anthu awiri olima mizere yoyandikana. "Mvula yanu ija yachedwatu chaka chino." Kapena, "Mwanayu watentha thupi, tiyeni mundiperekeze kuchipatala." Wina akafunsa kuti akulankhula ndi yani, iwo ankadabwa nalo funsolo.

"Ndi Ambuye. Si ali pompano?"

Miseche ikayamba pachitsime, ankatsitsa mawu n'kuyang'ana pambali, ngati mtengwa amene wazindikira kuti apongozi ali kuseri kwa chitseko. Kutchalitchi sankajomba, ngakhale kuimba kwawo kunali kopirira nako. Koma Mulungu wawo sankatsala m'tchalitchimo chitseko chikatsekedwa. Ankabwerera naye kunyumba.

Musaganize kuti anali mngelo. Lilime anali nalo, ndipo amene ankalidziwa bwino ndi a Adamu, nkhalamba yosoka maukonde, oyandikana nawo nyumba. A Adamu anali Msilamu wosaphonya mapemphero a swala, komanso mwini mbuzi zosamva. Mbuzizo zinkakonda chigwada cha m'munda wa mayi Keti kuposa msipu uliwonse. Tsiku lina mayi Keti atatopa anagwira imodzi n'kuimangirira pamtengo wa mango. A Adamu atabwera kudzaimasula, mkangano unamveka mpaka kumsewu, ndipo pochoka nkhalambayo inaloza chala.

"Mudzaona, amake Talandira! Mudzaona!"

Sipanapite nthawi. M'mawa wina mayi Keti analowa m'madzi m'mbali mwa bango kukavuula chinangwa chimene anaviika, ndipo ng'ona inawagwira dzanja lamanzere. Amene anali kumtunda amati sanamve kulira kwa "mayo ine". Anamva mawu aukali akuti, "Ambuye, mukuziona izi?" Kudzanja lamanja anali ndi mpeni wosendera chinangwa, ndipo anaibaya nawo m'diso mpaka inawataya. Kuchipatala cha kuboma mkonowo anaudula pachigongono.

Iwo akadali pabedi, kumudzi mlandu unali utaweruzidwa kale. Akuti ng'ona ija sinali ng'ona wamba, inali yotumidwa. Anaituma ndani? Yemwe uja anati "mudzaona". Masiku ano kuno munthu akangomera imvi, maso n'kufiira ndi utsi wa zaka zambiri, ndiye kuti wasanduka mfiti. Anyamata osatha kusoka ngakhale chibowo chimodzi cha ukonde ndiwo akatswiri a ng'ona zotumidwa. Ndipo ophunzira, amene akanatha kuwadzudzula, amatseka mawindo n'kukweza wailesi.

Talandira anali atakula, bambo wa ana ake, wakabaza wa njinga yamoto. Sanali munthu woipa. Kungoti mayi akewo ndiwo anali bambo ake, ndiwo anali zonse, ndipo kuwaona nsalu yoyera ikulendewera pamene panali dzanja kunamusokoneza mutu. Tsiku lowatulutsa m'chipatala anawakweza panjinga, koma pofika kumudzi sanaime pakhomo pawo. Anaima pakhomo pa a Adamu.

Dzuwa linali paliwombo, ndipo pabwalo panali patadzaza anthu. Mnyamata wina anapatsira Talandira botolo la petulo. Wina ankagwedeza bokosi la machesi. A Adamu anali atakhala pakhonde la nyumba yawo yaudzu, kofia kumutu, ukonde pamaondo. Onse ankadikira chinthu chimodzi chokha.

"Amayi," anatero Talandira, "sitikufuna zambiri. Nenani pamaso pa anthuwa. Madala awa ananena kuti mudzaona, kapena sananene?"

Mayi Keti anatsika panjinga pang'onopang'ono. Bala linkagunda, ndipo zala zimene kunalibe zinkawayabwa. Anayang'ana a Adamu, mkwiyo n'kuwakwera, pakuti chala cholozedwa chija anali asanachiiwale. Kuchipatala, ululu ukafika pachimake, iwonso maganizowo ankawafikira: bwanji ngati n'zoona? Tsopano njira zinali ziwiri. Akanati "ananena" n'kutseka pakamwa, sakananama, koma nyumba ikanapsa, mwina ndi mwini wake yemwe. Akanati "sananene", nkhalamba ikanapulumuka ndi bodza. Anayang'ana pambali monga mwa chizolowezi chawo, n'kuona kuti zonse ziwiri sangazichite pamaso pa amene anali nawo.

"Ananena," anatero.

Khamu linachita phokoso, machesi n'kutuluka m'bokosi.

"Dikira, iwe wamachesi, sindinamalize! Ananenadi. Koma bwanji simukufunsa zimene ndinayankha ine? Ndinati mbuzi zawo zonse zife zotupa mimba, ndi mano awo otsalawo agweluke asanadye mpunga wa Idi. Tsopano tayang'anani uko."

Anthu anatembenuka. Mbuzi za a Adamu zinali m'munda wa mayi Keti, zikubudula chigwada mosatekeseka.

"Zafa zimenezo? Zanenepa kuposa iwe. A Adamu, tasekani anthu aone mano."

A Adamu sanaseke, koma mayi wina kumbuyo analephera kudzigwira.

"Pakamwa pa nkhalamba pakanakhala popha," anapitiriza mayi Keti, "bwenzi ine ndi awa titaikana m'manda kalekale."

Talandira nkhope inali ikadali gwa. "Nanga Ambuye anu a pompanowo anali kuti pamene ng'ona inkakudyani?"

"M'madzi momwemo."

"Ndiye ankangoonerera?"

"Zimenezo ndawafunsa, mwanawe, ndipo ndawafunsa mwaukali. Sanandiyankhe. Koma sanachoke. Ndinali nawo m'madzi, ndinali nawo pamene ankandidula, ndipo pano aima apa akukuyang'ana iwe ndi botolo lakolo. Manyazi ndiye andigwira ine. Ndataya mkono, ukufuna nditayenso mwana? Ukakhale kundende ndi magazi a nkhalamba, ana ako ndiwalere ndi dzanja limodzi?"

Atatero anadutsa pakati pa anyamata aja n'kukwera pakhonde.

"Tasunthani, a Adamu, lero khondeli si lanu nokha." Anakhala pansi, natsamira khoma pansi pa udzu wouma. "Eya, yatsani. Tilipo atatu."

Palibe anasuntha. Talandira anayang'ana mayi ake, nayang'ana botolo. Kenako anatembenuka, natsegula thanki ya njinga yake, n'kuthiramo petulo yense. Khamu likasowa moto silichedwa kukumbuka kuti lili ndi zochita kwina. Anachoka mmodzimmodzi, aliyense akuoneka ngati ankangodutsa.

A Adamu anapukuta maso ndi kofia. "Walahi, amake Talandira, ine ng'ona ndimaiopa kuposa inu."

"Ndikudziwa. Inu mumathawa ndi bakha yemwe. Kamangeni mbuzi zanu."

Patapita masiku kunabwera akuluakulu ena pagalimoto zoyera. Anajambula bala, analankhula Chingerezi, analonjeza, anapita, ndipo fumbi lawo ndilo lokha limene mudzi unalandira. Amene anakumbukira zimene makolo ankachita ndi a Adamu: kuzika mitengo yothithikana m'madzi, mpanda woti amayi aziviika chinangwa m'kati mwake ng'ona ili kunja. Mitengoyo anadula ndi kuzika ndi Talandira ndi anzake aja, wamachesi yemwe, nkhalamba ikuwalozera ndi kuwanyoza kuti mfundo zawo n'zaulesi. Talandira sanapepese ndi pakamwa, koma mpaka lero a Adamu akafuna kupita kuboma amakwera njinga ija ulere.

Mpanda utatha, amayi anaima kumtunda akukankhana kuti ayambe ndani. Amene anayamba kulowa ndi mayi Keti. Mantha awo sanawabise.

"Ndikuopatu ine," anamveka akunena, madzi ali m'maondo. "Musatalikire."

Lero amasenda chinangwa atachipanikiza ndi phazi, ndipo beseni amawasenza ndi aliyense amene ali pafupi, kawirikawiri a Adamu, akudandaula za msana. Ukadutsa pakhomo pa mayi Keti masana, udzawamva ali pamtondo, munsi m'dzanja limodzi, nkhani ili m'kati.

"Mwaziona mbuzi zija? Zalowanso. Ndigwirireni lilimeli, Ambuye, ine ndikatenge ndodo."