Difu Youma

Tsiku limene anamuchotsa ntchito, makaniko wina anatuluka pageti la galaja ovolo ili m'manja, anzake akumuyang'ana cham'mbali. Zaka khumi ndi ziwiri za ntchito zinathera pa kabawuti kamodzi kosaposa chala chachikulu.

Zinayenda chonchi. Kunabwera galimoto ya mayi wina wogula mbewu kwa alimi, ija yokoka ndi mawilo onse anayi. Mwala unali utang'amba chivundikiro cha difu yakutsogolo, chibokosi chachitsulo cha pakati pa mawilo momwe magiya amasambira mu oyilo. Ntchito yake ndi yosavuta. Umamasula mabawuti, oyilo wakale n'kutuluka, umapala gasiketi yakale, ija yotseka m'mphepete kuti oyilo asamadonthe, umaika chivundikiro chatsopano, kenako umathira oyilo pakabowo ka m'mbali.

Makanikoyo anachita zoyambirirazo akuimba mluzu. Atafika pothira oyilo, kabawuti kotseka kabowoko kanakana, dzimbiri litakagwira. Bwana anali akukalipa kuti kasitomala wadikira kokwanira. Nanga munthu amene galaja yonse imamutcha katswiri akananena bwanji kuti kabawuti kamugonjetsa? Anadzinamiza kuti mayiyo angozungulira pafupi, mawa awaitana. Anatsitsa jeke, napereka makiyi, difu ilibe oyilo.

Mayiyo sanazungulire pafupi. Difu inapsa ali pakati pa chitunda, matumba ali tho kumbuyo.

Kuyambira pamenepo dzina lake linasanduka Difu Youma. Galaja iliyonse yomwe ankapita, mbiri inali itafika kale n'kukhala pampando. Panalibe womulola kugwiranso galimoto, ndipo kwa iye zimenezi zinali zowawa kuposa njala. Anakakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, kumamata machubu a njinga.

Kunyumba nyimbo inali imodzimodzi: dzimbiri, bwana, sipanala yakutha. Mkazi wake anaimvera miyezi itatu, kenako tsiku lina akuyanika zovala anangoti, “Koma abambo, dzimbiri silinapereke makiyi. Munapereka ndinu.”

Anakwiya sabata yathunthu, chifukwa zinali zoona.

Mkwiyo utatha, anapita kwa wogulitsa zitsulo zakale n'kupempha difu yotayidwa. Anaikankha pawilibala mpaka pamtengo paja. M'mawa uliwonse njinga zisanayambe kubwera, ankalimbana ndi mabawuti adzimbiri: kudonthezera mafuta, kugogoda pang'ono ndi hamala, kudikira, kuyesanso. Akamaliza difu imodzi ankakasinthitsa ina. Okwera njinga ankamuseka. “Achimwene, imeneyo idzayenda chaka chanji?” Iye ankangomwetulira. Anadziikira lamulo limodzi: usanatulutse oyilo, yamba waona ngati pothirira pakutseguka.

Patapita zaka ziwiri, masana ena anaona galimoto itaima kutsidya kwa msewu, pansi pake pakudontha oyilo wakuda. Chivundikiro chinali chitang'aluka. Mwini wake atatuluka mumsika, Difu Youma anamuzindikira. Anali mayi yemwe uja.

Akanatha kuwerama n'kupitiriza kumata chubu. Koma anawoloka msewu.

“Mayi, galimoto yanu ikutaya oyilo kutsogoloku. Simufika nayo patali.”

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Si inu aja? Mukufuna muphenso iyi?”

“Ndine ndemwe. Tsiku lija ndinadziwa kuti mulibe oyilo, ndinachita manyazi kunena. Pepani sapoletsa chilonda, ndikudziwa. Koma ndiloleni ndiikonze inu muli pomwepa, mukuona.”

Galaja inali kutali, madontho akuchuluka. Mayiyo anapumira m'mwamba, napita kusitolo ya zipangizo kukagula chivundikiro, gasiketi ndi oyilo.

Iye analowa pansi pa galimoto n'kuyambira pa kabawuti ka pothirira. Kanakana, ngati kanapangana ndi kanzake kaja. Thukuta linamutsika. Anatuluka, naimirira.

“Mayi, kakana. Sindimasula chilichonse mpaka katseguke. Ngati mwafulumira, itanani ena adzaikoke.”

Mayiyo anayang'ana wotchi, kenako anakoka benchi n'kukhala. “Mukanalankhula chonchi tsiku lija, bwenzi ndili ndi galimoto ziwiri. Pitirizani, bambo.”

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadontheza mafuta, kugogoda, kudikira. Patatha ola lathunthu kabawuti kanalira pang'ono, n'kuyamba kuzungulira.

Zotsalazo zinali ngati kumwa madzi. Anapala mkombero mpaka kuwala, naika gasiketi, namanga mabawuti modumphitsa, ili kenako la kutsidya, kuti chivundikiro chikhale mofanana. Anathira oyilo mpaka kuyamba kusefukira pakabowo. Asanatseke anati, “Mawu anga musawakhulupirire. Pisani chala chanu.”

Mayiyo anagwada pafumbi ndi zovala zake zabwinozo, napisa chala. Chinatuluka chonyowa. Difu Youma anayang'ana kumbali, chifukwa misozi inali italengeza.

Mwezi wotsatira mayiyo anabweretsa galimoto ya mchimwene wake. Mchimweneyo anauza anzake. Lero pamalo pa mtengo paja pali galaja ya zitseko ziwiri, ndipo pachikwangwani analembapo dzina lomwe ankamunyoza nalo lija. Kasitomala aliyense amachokapo chala chili ndi oyilo.

Mwina nanunso muli ndi kabawuti kanu kamene kanakana, inu n'kukhala chete, ndipo anthu anakupatsirani dzina. Lekani kunamizira dzimbiri. Vomerani pomwe munalakwa, phunzirani pomwe munagwera, ndipo mukaona oyilo akudontha kutsidya, wolokani msewu. Musataye mtima: kabawuti kokana sikatsegulidwa ndi manyazi, kamatseguka kwa amene wanena zoona n'kuyesanso.