Matayala a Atelala

Atelala oyandikana nafe sataya kanthu. Zitini, nsanza, matayala akutha, zonse amatola, n'kumati, "Chinthu chimatha m'maso mwa waulesi." Ife timawaseka.

Bungwe lina litalengeza thandizo la magulu okonza mapuloti ongokhala m'dera lathu, gulu langa linalemba kalata yamasamba khumi. Atelala ndi anzawo analemba tsamba limodzi, n'kukachotsa zinyalala papuloti yakuseri, kuikapo benchi ndi kudzala maluwa m'matayala aja. Oyendera atafika, ife anangotifunsa kuti, "Nanga inu mwayambira pati?"

Thandizo linapita kwa atelala. Dzulo anandipeza ndikusuzumira pampanda wa puloti ija.

"Lowani, achimwene, benchiyi ndi ya tonse."

Ndinakhaladi, mtima ukuwawa. Tayala lamaluwa okongola kuposa onse, ndinalitaya ndine.